Kodi kaphikidwe kodalirika ka pa intaneti kamadziwika bwanji?

Nambewe

Ndikupereka moni kwa inu nonse. Ndabwera ndi funso limene lakhala likundisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati panu alipo amene anakumanapo ndi zimene ndikukumana nazo. Ndinayamba kuphunzira kuphika keke ndi buledi chaka chatha, ndipo popeza ndilibe munthu woti aziima pambali panga n'kumandiwongolera, malangizo onse ndimawapeza pa intaneti. Vuto ndi lakuti ndikalemba dzina la chakudya chimodzi chokha pamabwera maphikidwe ambirimbiri, ndipo mlembi aliyense amanena kuti kake ndi kosavuta komanso kosalephereka.

Masabata awiri apitawo ndinasankha kaphikidwe ka keke ya chokoleti kamene kanali ndi chithunzi chokongola ndiponso nyenyezi pafupifupi zisanu, zimene owerenga amapereka poyamikira kaphikidwe. Ndinatsatira zonse monga mmene zinalembedwera, koma keke inafufuma mofulumira, kenako pakati pake panatitimira, ndipo poilawa inkamveka ngati muli sopo. Ndinayesanso kachiwiri ndipo zinatuluka chimodzimodzi. Chimene chimandipweteka si nthawi yokha ayi, koma mazira, batala ndi shuga zimene zimangopita pachabe, pakuti chakudya si chinthu choseweretsa.

Funso langa lili pawiri. Kodi pali zizindikiro zimene munthu angaone pa kaphikidwe asanaswe dzira ngakhale limodzi, zomuuza kuti mlembi wake anakayesadi? Nanga inu amene mwaphika kwa nthawi yaitali, ndi masamba ati a pa intaneti amene mumawadalira?

Mayi a Chisomo

A Nambewe, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ine ndakhala ndikuphika makeke kwa zaka zoposa 20, ndipo ndikatsegula kaphikidwe katsopano sindiyambira pa chithunzi kapena pa nyenyezi, ndimayambira pa miyezo. Mlembi akapereka fulawa, shuga ndi batala m'magalamu, ndimadziwa kuti akufunitsitsa kuti keke yanga ituluke ngati yake. Akangolemba makapu okhaokha sindikataya kaphikidweko, koma ndimakawerenga ndi maso awiri.

Chifukwa chake n'chakuti kapu si muyezo umodzi padziko lonse. Kapu ya ku America imalowa mamililita pafupifupi 240, pamene ya ku Australia imalowa 250. Supuni yaikulu m'mayiko ambiri ndi mamililita 15, koma ku Australia ndi 20, ndipo yaing'ono ndi 5. Kusiyana kumeneku n'kochepa tikakuyerekeza ndi kumene kumabwera chifukwa cha dzanja la wophika. Munthu amene amathira fulawa m'kapu pang'onopang'ono ndi supuni n'kusalaza pamwamba amapeza magalamu pafupifupi 120, koma amene amamiza kapu m'thumba n'kutsindira akhoza kufika pa 150 kapena kupitirira. Pa keke yofuna makapu atatu, anthu awiriwa asiyana ndi magalamu 90, ndipo mmodzi wa iwo adzadya keke youma ngakhale kuti onse anatsatira malangizo amodzi. Chizolowezi choyeza ndi makapu osalazidwa pamwamba chinafala ku America makamaka kudzera mwa mphunzitsi wa zophikaphika wa ku Boston, Fannie Farmer, amene buku lake linatuluka mu 1896, ndipo pa nthawi imeneyo chinathandiza kwambiri anthu amene ankangoyeza ndi maso. Lero sikelo yaing'ono ya kukhitchini imachita bwino kuposa pamenepo, ndipo ngati pali chipangizo chimodzi chimene ndingakulangizeni kukhala nacho, ndi chimenechi.

Chachiwiri, dziwani dziko limene mlembi akulembera, chifukwa mayina a zinthu amasintha. Chimene a ku Britain amachitcha bicarbonate of soda ndi chomwecho chimene a ku America amachitcha baking soda, ndiye soda amene timamudziwa tonseyu, ndipo si chinthu chimodzi ndi baking powder. Soda amagwira ntchito akakumana ndi chinthu chowawasa, monga mandimu, yogati kapena mkaka wosasa, pamene baking powder anasakanizidwa kale ndi chowawasacho. Soda akachuluka kuposa chowawasa chimene chili m'keke, wotsalayo ndi amene amamveka ngati sopo, ndipo keke imafufuma mothamanga n'kugwa isanalimbe. Zizindikiro zimene mwatchulazo zikuloza kumeneko, choncho bwererani pa kaphikidweko mukaonenso mzere wa soda. Momwemonso plain flour ndi all-purpose flour ndi mtundu umodzi wa fulawa wopanda chofufumitsa, koma self-raising flour ali nacho kale, ndipo mukamuwonjezera china keke imaonongeka.

Za kutentha kwa uvuni ndizinena mwachidule. Mukaona madigiri 350 popanda kufotokoza, amenewo ndi a Fahrenheit, ndipo ndi pafupifupi madigiri 180 a Celsius, amene pa mauvuni ena a gasi amalembedwa kuti nambala 4. Ngati uvuni wanu uli ndi fani yozunguza mpweya, chotsani madigiri 20. Mlembi wosamala amakuuzani zonsezi, amatchulanso kukula kwa chitini chophikiramo. Ambiri amachipeputsa chitini, komatu chozungulira cha masentimita 23 chili ndi malo ochuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuposa cha masentimita 20. Mukathira zosakaniza za chitini chachikulu m'chaching'ono, keke imakhala yokhuthala, kunja kumapsa pamene pakati pakadali pamadzi.

Bambo a Yamikani

Ndikugwirizana ndi zonse zimene Mayi a Chisomo anena, ndipo ine ndiwonjezera za kawerengedwe ka kaphikidwe, chifukwa ndinagwira ntchito kukhitchini kwa zaka zambiri ndipo ndinaona kuti wophika wozolowera amazindikira kaphikidwe kolakwika ndi maso okha, moto usanayatsidwe. Si zamatsenga ayi. Zakudya zambiri zophikidwa mu uvuni zili ndi kagawidwe kake kodziwika, ndipo mukakasunga m'mutu mumakhala ndi choyezera cha kaphikidwe kalikonse kamene mwakapeza.

Titenge buledi. Pa magalamu 500 a fulawa, madzi amakhala pakati pa magalamu 300 ndi 350, mchere umakhala pafupifupi magalamu 10, ndipo yisiti wouma amakhala pakati pa magalamu 5 ndi 7. Mukapeza kaphikidwe ka buledi wamba kamene kakufuna mchere wokwana magalamu 30 pa fulawa yemweyo, dziwani kuti pali dzanja limene linaterereka polemba. Keke yakale kwambiri ya batala imafuna fulawa, shuga, batala ndi mazira zolemera mofanana, ndipo makeke ambiri amene mumawaona ndi ana a keke imeneyi, anangosinthidwa apa ndi apo. Pa chofufumitsa, poyambira pake ndi supuni yaing'ono imodzi ya baking powder pa magalamu pafupifupi 125 a fulawa, pamene soda amafunika wochepa kwambiri, pafupifupi kota ya supuni yaing'ono pa fulawa yemweyo. Makeke a chokoleti okhala ndi mkaka wosasa amapyola pamenepa, ena mpaka masupuni aang'ono awiri pa keke yonse, koma sindinaonepo keke ya pakhomo yofuna soda woyezedwa ndi masupuni akuluakulu. M'Chingelezi supuni yaing'ono imafupikitsidwa kuti tsp ndipo yaikulu kuti tbsp, kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha, koma muyezo umachuluka katatu.

Chizindikiro china cha mlembi woona mtima ndi nthawi imene amalonjeza. Ine ndimayesera pa anyezi. Kukazinga anyezi pamoto wochepa mpaka atafewa, kuda mofiirira ndi kutsekemera kumatenga mphindi 40 kapena kuposerapo, ndipo aliyense amene anaimapo pa chiwaya amadziwa zimenezi. Mlembi akalemba kuti zimatheka pa mphindi 10, ndimakayikira zina zonse zimene walemba, chifukwa mwina sanaphikepo, kapena wachepetsa nthawi mwadala kuti anthu akopeke. Mlembi wabwino sangotchula mphindi zokha, amakuuzaninso chimene muyenera kuona, kumva kapena kukhudza: kuti kamtengo kamene mwabaya pakati pa keke katuluke kouma, kuti buledi afufume mpaka kukula kawiri, kuti msuzi umamatire kumbuyo kwa supuni. Mauvuni ndi mapoto amasiyana, choncho mphindi ndi chongoyerekeza, koma maonekedwe a chakudya chakupsa sasintha.

Pa nyenyezi, mchemwali wanga, musazikhulupirire mopitirira. Anthu ambiri amapereka nyenyezi zisanu atangoona chithunzi, n'kulemba kuti adzayesa tsiku lina. Ena amalemba kuti chakudya chinakoma kwambiri, koma mukawerenga bwino mupeza kuti anachepetsa shuga, anasintha mafuta, anawonjezera dzira, moti chimene akuyamikira si chimene chinalembedwa. Ine ndimathamangira ku ndemanga za nyenyezi ziwiri kapena zitatu, chifukwa kumeneko n'kumene kuli anthu amene anaphikadi ndipo akufotokoza chimene chinavuta. Anthu asanu osadziwana akanena kuti pakati panatitimira, vuto silili m'makhitchini mwawo. Onaninso ngati mlembi amayankha mafunso ndi kukonza zolakwika akauzidwa.

Mwafunsa za masamba. Pa zophikidwa mu uvuni ndimadalira kwambiri tsamba la King Arthur Baking, kampani ya fulawa ya ku America imene inayamba mu 1790, chifukwa amapereka magalamu ndipo ali ndi mndandanda wosonyeza kulemera kwa kapu ya chinthu chilichonse. Tsamba la Serious Eats, limene linayamba mu 2006, ndi labwino kwa munthu wofuna kudziwa chifukwa chake, popeza alembi ake amafotokoza njira zimene anayesa ndi zimene zinalephera. Maphikidwe a BBC ndi a magazini ya Good Food ya ku Britain amakhala m'magalamu ndi madigiri a Celsius, ndipo amalembedwa mwachidule. Allrecipes, imene inayamba mu 1997, ndi yosiyana ndi enawa chifukwa maphikidwe ake ambiri amatumizidwa ndi anthu wamba, choncho muli abwino kwambiri ndi osalongosoka omwe, ndipo chuma chake chenicheni chili m'ndemanga. Komabe dzina la tsamba lisakutsekeni maso. Chimene chinandithandiza ine ndi kusankha alembi awiri kapena atatu n'kukhala nawo, mpaka nditadziwa kuti uyu amachulutsa shuga, uyu uvuni wake umaoneka kuti ndi waukali kuposa wanga. Munthu amene lero ali kwa uyu, mawa kwa wina, amayamba pachiyambi tsiku lililonse.

Tiyamike

Akuluakulu, ndaphunzira zambiri pa mayankho anu, koma ndikupempha kuti tisaiwale mavidiyo. Pali zinthu zimene mawu sangathe kuzifotokoza mokwanira kwa munthu amene sanazionepo. Ine ndinawerenga kambirimbiri kuti batala ndi shuga zitakasidwe mpaka zitayera ndi kupepuka, koma ndinkasiya msanga chifukwa sindinkadziwa kuyera kwake kumene akunena. Nditaonera pa YouTube munthu akuchita zimenezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndinazindikira kuti ndinkalekeza pakati. Kukanda buledi, kupinda mazira otakasa m'fulawa (kuwasakaniza mofatsa) osawaphwetsa, ndi kudula nkhuku m'mfundo zake, zonsezi maso amaphunzira msanga kuposa makutu.

Ndikuvomereza kuti timavidiyo ta masekondi 30 ta pa TikTok kapena pa Facebook n'tosathandiza kwenikweni, chifukwa amadula mbali zovuta ndipo nthawi zina chakudya chimene amaonetsa pomaliza sichioneka kuti chachokera pa zimene anasakaniza poyamba. Ine ndimasankha mavidiyo aatali amene pansi pake alemba miyezo yonse, ndipo ndimakonda wophika amene saopa kuonetsa pamene zinamulakwikira ndi mmene anazikonzera.

Nankhoma

Zimene zanenedwa ndi zothandiza, koma ine ndikufuna kukhudza mbali imene imandidetsa nkhawa kuposa keke yotitimira. Keke ikalephereka mumataya mazira, koma pali maphikidwe ena a pa intaneti amene angadwalitse banja lonse, ndipo amafalikira mofulumira chifukwa amaoneka osavuta.

Chitsanzo choyamba ndi nyemba zofiira zouma. Zili ndi poizoni wachilengedwe amene amatha pokhapokha zikawira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Kaphikidwe kamene kakukuuzani kuti muziike zosawiritsa mu poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono, n'kuzisiya pa kutentha kochepa tsiku lonse, n'koopsa, chifukwa kutentha kumeneko nthawi zina sikufika poti n'kuononga poizoniyo, ndipo odya akhoza kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri. Chachiwiri ndi nkhuku. Akatswiri a zaukhondo wa chakudya ku America amalangiza kuti pakati pa nyama yake pafike madigiri 74 a Celsius, ndipo njira yotsimikiza ndi kachipangizo koyezera kutentha kobaya m'nyamamo, osati mtundu wa khungu lake. Chachitatu ndi kusunga chakudya m'mabotolo. Masamba, nyama ndi nsomba zilibe asidi wokwanira, ndipo kuziwiritsa m'madzi wamba pa madigiri 100 sikupha njere za kachilombo koyambitsa matenda a botulism, zimene zimafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 116, kumene kumapezeka mu poto wapadera wotsekera nthunzi. Adyo woviikidwa m'mafuta n'kusiyidwa pashelefu ali ndi chiopsezo chomwecho. Mpunga wophika nawonso suyenera kugona panja pa firiji, chifukwa tizilombo tina timapirira kuphika ndipo timachulukana mpunga ukamazizira pang'onopang'ono. Pa nkhani zoterezi musamvere munthu chifukwa choti ali ndi omutsatira ambiri, koma yerekezerani zonena zake ndi malangizo a mabungwe a boma oona za chakudya, monga USDA ya ku America kapena Food Standards Agency ya ku Britain, amene masamba awo ndi otseguka kwa aliyense.

Palinso vuto latsopano. Masiku ano maphikidwe ambiri akulembedwa ndi mapulogalamu a AI, apakompyuta otsanzira nzeru za munthu, ndipo zithunzi zake zikupangidwanso ndi makina, moti palibe munthu amene anaphika kapena kulawa chakudyacho. Mu May 2024 mayankho a AI a pa Google anauza anthu kuti athire guluu mu msuzi wa pizza kuti tchizi asaterereke, ndipo zinadziwika kuti mfundoyo inachokera pa nthabwala imene munthu wina analemba kalekale pa tsamba la zokambirana la Reddit. Cholakwika chotere aliyense amachiona, koma soda wochuluka katatu kapena mphindi zochepa zophikira nkhuku sizioneka msanga. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndikaona tsamba lopanda dzina la mlembi, lotulutsa maphikidwe ambirimbiri pa tsiku, lokhala ndi chithunzi chimodzi chosalala mopitirira muyezo koma lopanda zithunzi za ntchito ili m'kati, ndimalitseka. Chizindikiro china n'chakuti chinthu chimatchulidwa pa mndandanda wa zofunika koma osaonekanso m'malangizo, kapena chimatulukira m'malangizo chisanatchulidwe pa mndandanda. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga kaphikidwe konse kawiri musanatulutse mbale.

Mayi a Chisomo

A Tiyamike, mwanena zoona, ndipo ine ndemwe kupinda mazira ndinakuphunzira poonera manja a munthu wina. Ndingowonjezera kuti vidiyo ikhale yophunzirira manja, koma miyezo muziitenga pa zolembedwa, ndipo muzizikopera m'kope lanu. Masamba amasintha, ena amatsekedwa, ndipo kaphikidwe kamene munakakonda mukhoza kudzakasowa. M'kope langa, pambali pa kaphikidwe kalikonse ndimalemba tsiku limene ndinaphika, chitini chimene ndinagwiritsa ntchito, mphindi zenizeni zimene zinatenga mu uvuni wanga, ndi chimene ndidzasinthe ulendo wina. Ulendo woyamba ndimatsatira mlembi ndendende, ndipo pambuyo pake ndimasintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi, chifukwa mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chakonza kapena chimene chaononga.

Nambewe

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Ndabwerera pa kaphikidwe kaja monga anandilangizira Mayi a Chisomo, ndipo ndapeza kuti pa soda panalembedwa 2 tbsp, pamene fulawa anali makapu awiri okha. Nditatsikira ku ndemanga za nyenyezi zochepa, monga ananenera Bambo a Yamikani, ndapeza anthu angapo akudandaula za kukoma kwa sopo komweko, ndipo mmodzi anafunsa ngati mlembi sanafune kulemba masupuni aang'ono, koma funsolo silinayankhidwe mpaka lero. Ndinali ndisanafike kumeneko chifukwa ndinakhutira ndi ndemanga zoyamikira zimene zinali pamwamba.

Ndapezanso kuti mbali ina ya vutoli inali yanga. Kaphikidweko kanatchula chitini cha mainchesi 9, amene ndi pafupifupi masentimita 23, koma changa ndachiyeza ndipo ndi cha masentimita 20. Tsopano ndasankha kaphikidwe kena ka keke yomweyo kokhala ndi magalamu, ndipo ndakayerekeza ndi maphikidwe ena awiri a alembi osiyana n'kuona kuti miyezo yake ikuyandikana. Koma nakonso kakufuna chitini cha masentimita 23, ndipo kakufuna mazira awiri. Kodi ndingachepetse bwanji zosakaniza kuti zikwane m'chitini changa popanda kusokoneza kagawidwe kake, makamaka pa mazira amene sagawika mosavuta?

Bambo a Yamikani

Mchemwali wanga, chitini chanu chimalowa pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a chitini cha masentimita 23, choncho chulukitsani muyezo uliwonse ndi 0.75, kuphatikizapo soda, mchere ndi zamadzimadzi. Magalamu 200 a fulawa akhala 150, ndipo mamililita 240 a mkaka akhala 180. Pa mazira, swerani onse awiri m'mbale, muwatakase mpaka chachikasu ndi choyera zitasakanikirana, kenako muwayeze pa sikelo. Mazira awiri apakatikati opanda zikamba amalemera pafupifupi magalamu 100, ndiye inu muthire 75, otsalawo muwakazinge. Kutentha kwa uvuni musakusinthe, chifukwa keke ikhala yokhuthala mofanana ndi ya mlembi, koma muyambe kuibaya ndi kamtengo kutatsala mphindi zisanu kuti nthawi yolembedwayo ikwane, ndipo musatsegule chitseko cha uvuni m'mphindi 20 zoyambirira. Zosakanizazo zisapyole magawo awiri mwa magawo atatu a kuya kwa chitini, ndipo zikatsalako muziphike padera m'timakapu ta makeke aang'ono.